Denga Likamadontha, Mverani Wogonamo

Awa ndi mau amene mmodzi wa atolankhani athu adalankhula pa msonkhano wa anthu okhala m'nyumba za lendi mumzinda wa Blantyre.

 Ndithokoze pondipatsa mpata woima pamaso panu, ine mwana wadzulodzuloli. Sindine katswiri wa zomangamanga, ndipo digiri ndilibe, pakuti ku yunivesite ndidachokako ndisanamalize. Ntchito yanga ndi yofunsa, kuwerenga ndi kulemba nkhani basi. Koma za nyumba yodontha sindidaziphunzire m'kalasi ai. Ndidakulira momwemo.

Tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya kampani imene bambo anga ankagwirako ntchito. Lendi ankaidula ku malipiro mwezi ndi mwezi osaphonya. Mvula ikangoyamba mu Novembala, mayi ankatulutsa mabeseni atatu ndi ndowa imodzi, ndipo aliyense wa ife ankadziwa pamene beseni lake limakhala. Pofika Januwale khoma la kuchipinda kwa ana linkada bii ndi nkhungu, ija ena amati nguwi, ndipo mng'ono wanga ankatsokomola usiku wonse. Mayi ankavala chitenje chawo chabwino nkupita ku ofesi. Yankho linali limodzimodzi chaka ndi chaka: "Tamva mayi, tibwera." Bambo sankapitako. Ankati munthu ukamavuta pa nkhani ya nyumba, tsiku lina udzapeza kalata yoti utulukemo.

Zidatero zaka zinayi. Chaka chachisanu kudabwera bwana watsopano, nayendera nyumba zonse. Atalowa mwathu nkuona khoma lija adagwira pakamwa, nafunsa mayi kuti, "Nanga bwanji simudanene?" Mayi adangoti kukamwa yasa. Maulendo onse aja, nsapato zonse zidatha zija, panalibe ndi kapepala komwe kosonyeza kuti adafikako ku ofesi.

Funso la bwana uja ndilo landibweretsa pano lero. Ndikufuna kunena chinthu chimodzi chokha. Nyumba za lendi za anthu wamba siziwola chifukwa cha mvula yokha kapena kusowa kwa simenti. Zimawola pamene mau a munthu wogonamo alibe mphamvu, pamene dandaulo lake sililembedwa, lilibe tsiku loyankhidwira, ndipo palibe amene angalangidwe akapanda kuyankha. Tikakonza pamenepo, denga lidzakonzedwa. Tikapanda kutero, ngakhale atapaka penti mzinda wonse, tidzabwereranso ku mabeseni.

Ndiyambe ndanena nyumba zimene ndikukamba. Si za alandilodi wamba amene amamanga zipinda kuseri kwa nyumba yawo kuti apezepo phindu. Ndikunena nyumba zimene boma, khonsolo kapena bungwe losafuna phindu limamanga ndi cholinga choti anthu opeza pang'ono azikhalamo pa lendi yotsika. Ndikutengerani kaye ku England, chifukwa kumeneko nyumba zotere zilipo zochuluka, adazilakwitsa kwambiri, ndipo m'zaka zapitazi akhala akuyesa kukonza. Ambiri mwa inu amene mudathawira kunja m'masiku ovuta aja mudagonamo m'nyumba za makhonsolo ku London, ku Manchester ndi kwina. Inu mudaziona ndi maso, ine ndidangowerenga, choncho ndikalakwitsa mundiwongole.

Lamulo la mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, ndilo lidapatsa makhonsolo a kumeneko udindo ndi ndalama zomangira anthu nyumba. Nkhondo yachiwiri itatha adamanganso zambirimbiri. Koma mu 1980 boma la Margaret Thatcher lidapereka ufulu woti wochita lendi agule nyumba ya khonsolo pa mtengo wotsitsidwa. Nyumba pafupifupi 2 miliyoni zidagulidwa m'njira imeneyi ku England, ndipo zomangidwa m'malo mwake zidali zochepa. Zabwino ndi zimene zidayamba kupita, zotsala zambiri nkukhala zakale ndi zovuta kusamala. Lero mabanja pafupifupi 4 miliyoni amakhala m'nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe, ndipo ena oposa 1 miliyoni ali pa mndandanda wodikira.

Tsono mverani za mwana wina dzina lake Awaab Ishak. Makolo ake adachokera ku Sudan, ndipo ankakhala mu fulati ya chipinda chimodzi m'tauni ya Rochdale, pafupi ndi Manchester. Eni nyumbayo adali bungwe lotchedwa Rochdale Boroughwide Housing. Mu 2017, mwanayo asanabadwe nkomwe, bambo ake adakanena kuti m'nyumbamo mwamera nkhungu. Adawauza kuti apakepo penti. Adapakadi, koma nkhungu idatulukanso, pakuti penti sachotsa chinyezi. Mu 2020 wa zaumoyo amene ankayendera banjalo adalembera bungwelo kalata yochenjeza za thanzi la mwanayo. Sipadachitike kanthu. Banjalo litapita kwa maloya, bungwelo lidatsata mwambo wake wosakonza nyumba mpaka nkhani ya maloya itatha. Mu Disembala 2020, patangopita masiku ochepa chikwanitsire zaka ziwiri, Awaab adamwalira ndi vuto la kupuma.

Mu Novembala 2022 woweruza wofufuza za imfa, mayi Joanne Kearsley, adagamula kuti chidapha mwanayo ndi kupuma mpweya wa nkhungu kwa nthawi yaitali m'nyumba mwake momwe. Zidapezeka kuti m'nyumbamo mpweya sunkatuluka moyenera, makamaka ku bafa ndi ku khitchini. Koma ogwira ntchito m'bungwelo adali atangoganiza okha, osafunsa, kuti chinyezicho chimadza kaamba ka kasambidwe ndi kakhalidwe ka banjalo. Makolo a mwanayo adanena poyera kuti adanyozedwa chifukwa adali obwera. Patapita masiku ochepa mkulu wa bungwelo adachotsedwa ntchito.

Taonani bwino, abale anga. Ku Rochdale sikudasowe amisiri. Sikudasowe madokotala, malamulo kapena matelefoni. Bambo uja adanena, wa zaumoyo adalemba, maloya adalemba. Chidasowa ndi khutu. Ndipo khutu likasowa, mlandu amautembenuzira kwa wodandaula yemweyo: ndinu auve, mumaphika kwambiri, mwachulukana m'nyumba. Alipo muno amene mauwa sadawamvepo?

Chitsanzo chachiwiri ndi cha moto. Ku North Kensington mumzinda wa London kudali nyumba yosanjikizana ka 24 yotchedwa Grenfell Tower, ya khonsolo ya m'dera limodzi mwa madera olemera kwambiri m'dzikolo. Mu 2015 ndi 2016 adaikonza, nkuiveka kunja zipangizo zooneka bwino koma zokhala ndi pulasitiki woyaka msanga mkati mwake, zotsika mtengo kuposa zimene adakonza kugula poyamba. Okhalamo adakhala akudandaula za chitetezo cha moto kwa zaka zingapo. Mu Novembala 2016 gulu lawo lidalemba poyera kuti eni nyumba sadzamva pokhapokha patagwa tsoka lalikulu. Miyezi isanu ndi iwiri pambuyo pake moto udabuka usiku kuchokera ku firiji ya m'fulati imodzi, nkukwera kunja kwa khoma mpaka pamwamba. Anthu 72 adafa. Kafukufuku wa boma, amene lipoti lake lomaliza lidatuluka mu Sepitembala 2024, adapeza kuti imfa zonsezo zikadapeweka, ndi kuti oyang'anira nyumbayo ankaona odandaula ngati adani.

Tsiku la motowo lidali 14 Juni 2017. Tsiku limeneli, 14 Juni, inu akuluakulu mukulidziwa. Ndi tsiku limene mu 1993 a Malawi adaponya voti pa riferendamu kuti munthu azitha kulankhula osayang'ana kumbuyo. Ine ndidali ndisanabadwe, ufuluwo ndidangoupeza. Koma anthu a ku Grenfell adali ndi ufulu wonse wolankhula, ndipo adalankhula mpaka mau kusasa. Phunziro lake ndi lowawa: kulankhula ndi theka chabe. Theka linalo ndi loti pakhale wina wokakamizidwa kuyankha.

Si kuti ku England sadayesepo kukonza kale. Mu 2000 boma lidakhazikitsa muyeso wa nyumba yoyenera munthu, umene amautcha Decent Homes Standard. Muyesowu uli ndi mfundo zinayi. Nyumba isakhale ndi choopsa chachikulu pa moyo. Ikhale yokonzedwa bwino. Ikhale ndi khitchini ndi bafa zosakalamba kwambiri. Ikhale yofunda nthawi yozizira. Boma lidaikapo ndalama zambiri, ndipo zidathandizadi. Mu 2001 pafupifupi nyumba 4 mwa 10 zilizonse za mtunduwu zinkalephera muyesowo, pamene m'zaka zaposachedwapa zolephera ndi pafupifupi imodzi mwa 10. Tisanyoze, imeneyo ndi ntchito yaikulu. Ikutiphunzitsa kuti ukalemba poyera tanthauzo la nyumba yabwino, nkuwerenga nyumba zako imodzi imodzi, umadziwa poyambira.

Koma muyeso umenewu udali wa m'maofesi. Eni nyumba ankadziyesa okha nkutumiza ziwerengero kuboma. Bungwe loyang'anira eni nyumba linkalondola kwambiri za chuma chawo, ndipo pa madandaulo a anthu linkalowererapo pokhapokha zinthu zitafika poipitsitsa. Nchifukwa chake Grenfell ndi Rochdale zidachitika muyeso uli pomwepo. Imfa zimenezi ndizo zidakakamiza nyumba ya malamulo kupanga lamulo latsopano mu 2023. Kuyambira mu Epulo 2024, eni nyumba akuluakulu, amene ali ndi nyumba 1,000 kapena kuposerapo, amayenderedwa ndi oyang'anira kamodzi pa zaka zinayi zilizonse ndipo zotsatira zimalengezedwa. Malire a chindapusa adachotsedwa. Chaka ndi chaka eni nyumba amayenera kufunsa anthu awo ngati akukhutira, nkusindikiza mayankhowo.

Gawo limene landigwira mtima ndi limene adalitcha dzina la mwana uja, Awaab's Law, limene lidayamba kugwira ntchito pa 27 Okotobala 2025. Mphamvu yake ili pa masiku. Munthu akanena za choopsa chadzidzidzi, mwini nyumba ayenera kufufuza ndi kuchotsa choopsacho pasanathe maola 24. Akanena za chinyezi ndi nkhungu zoopseza thanzi, afufuze pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Akamaliza kufufuza alembere wodandaulayo zimene wapeza pasanathe masiku 3 ogwira ntchito, ndipo nyumbayo ikhale yotetezeka pasanathe masiku 5 ogwira ntchito. Zikakanika, awapezere anthuwo pokhala pena, ndalama zake zotuluka m'thumba mwa mwini nyumba. Akaphwanya, wochita lendi angathe kumtengera ku khoti. Boma lidalonjeza kuti mu 2026 ndi 2027 lidzaonjezera zoopsa zina pa mndandandawu. Mwaona kusiyana kwake? Mau aja akuti "tibwera" awaika pa kalendala.

Ndisakunamizeni kuti lamulo lokha limakhoma malata. Kukonza nyumba kumafuna ndalama, ndipo ndalama zambiri zimachokera ku lendi. Kuyambira mu 2016 mpaka 2020 boma la kumeneko lidalamula kuti lendi ya nyumbazi izitsika ndi 1 peresenti chaka chilichonse. Ochita lendi adapumako, koma thumba lokonzera nyumba lidaphwa, ndipo eni nyumba akhala akunena kuti sangathe kukonza zakale ndi kumanga zatsopano nthawi imodzi. Anthu a ndale amakonda kudula riboni pa nyumba yatsopano. Palibe amene amaitana atolankhani kudzaona paipi yokonzedwa. Choncho amene akufuna nyumba zabwino asamaope kufunsa mafunso awiri pamodzi: ndalama zichokera kuti, nanga zimene tapereka kale zidapita kuti?

Tsopano tibwerere kwathu. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifenso tili nazo nyumba za mtundu umenewu, ngakhale ndi zochepa. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1964, chaka chimene tidalandira ufulu wodzilamulira. Nyumba zake mukuzidziwa: ku Nkolokosa, Chitawira, Kanjedza ndi Chinyonga kuno ku Blantyre, ku Area 18 ku Lilongwe, ku Katoto ku Mzuzu. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 6,000, m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni. Palinso nyumba za boma za aphunzitsi, apolisi ndi anamwino, ndi zina za makhonsolo. Zambiri mwa izo zidamangidwa agogo athu akali anyamata. Ndipo nthawi iliyonse ikamveka nkhani yokweza lendi, mkangano umakhala womwewo. Eni nyumba amati lendi ndi yochepa kwambiri moti sangakonzere kanthu. Okhalamo amati yambani mwakonza, tikambirane pambuyo. Aliyense ali ndi mfundo, ndipo pamene akukokanakokana, chiswe chili pa ntchito.

Mavuto athu si ofanana ndendende ndi a ku England. Ife sitilimbana ndi chisanu choundana kapena nyumba zosanjikizana ka 24. Athu ndi malata a dzimbiri, mitanda ya denga yodyedwa ndi chiswe, ming'alu m'makoma, mawaya a magetsi akale olendewera, ndi mapaipi a suweji ophulika pamene ana amasewera. Zimenezi si nkhani ya maonekedwe ai. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera amayenda ndi madzi oipa ndi zimbudzi zosasamalika. Nkhungu imene idapha mwana ku Rochdale simasankha dziko. Pa makoma athu imamera mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo mwana akamabanika timangoti ndi chifuwa cha nyengo.

Koma pali chinthu china chimene chimatipweteka koposa, ndicho mantha aja a bambo anga. Nyumba zotsika mtengo ndi zochepa, ozifuna ndi khamu. Amene waipeza amaiona ngati mphatso, ndipo mphatso sakana kuti ndi yong'ambika. Amadziwa kuti akatuluka lero, mawa m'mawa wina walowa. Choncho amagula yekha phula nkumata malata, amaika yekha beseni, nkukhala chete. Ndikufuna tichotse maganizo amenewa. Munthu amene amalipira lendi sali pa chifundo cha wina. Pali pangano: iwe ndalama, ine nyumba yoti nkugonamo. Mbali imodzi ikachedwa ndi mwezi umodzi imalandira kalata. Bwanji mbali inayo ingachedwe zaka zinayi popanda chochitika?

Nanga tipemphe chiyani? Ndili ndi mfundo zisanu, ndipo zinayi mwa izo sizifuna thandizo la maiko akunja.

Choyamba, pakhale muyeso wolembedwa wa nyumba yoyenera munthu, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zinenero zina, wokhomedwa pa khomo la ofesi iliyonse yolandira lendi. Usakhale wautali. Denga losadontha, makoma olimba, magetsi osaopsa, madzi abwino, chimbudzi chogwira ntchito, mazenera otseguka kuti mpweya uziyenda. Kenaka nyumba zonse ziyenderedwe, ziwerengedwe, ndipo tiuzidwe kuti zopambana ndi zingati, zolephera ndi zingati.

Chachiwiri, dandaulo lililonse lilembedwe m'buku, ndipo wodandaula apatsidwe kapepala kokhala ndi nambala, tsiku ndi dzina la amene walandira. Pamene tikulipira lendi amatipatsa lisiti. Dandaulonso likhale ndi lisiti yake. Mtengo wake ndi wa buku limodzi ndi chidindo. Pakadakhala kapepala kotere, bwana uja sakadawafunsa mayi anga funso lija.

Chachitatu, masiku. Sindikunena kuti titengere masiku a ku England monga alili, pakuti thumba lathu ndi lina. Tikhale pansi ndi eni nyumba tigwirizane athuathu: waya woopsa kapena suweji yosefukira, masiku akutiakuti, denga lodontha nthawi ya dzinja, masabata akutiakuti, penti ndi zina zazing'ono zidikire. Masikuwo alembedwe m'pangano la lendi, ndipo panenedwe chimene chichitike akadutsa. Ngati wochita lendi wakonza yekha atavomerezedwa, ndalama zake zichotsedwe pa lendi. Ndipo palembedwe momveka kuti munthu sangatulutsidwe m'nyumba chifukwa chodandaula.

Chachinayi, ndalama. Pa kwacha iliyonse ya lendi, gawo lodziwika lipatulidwe kuti ndi lokonzera nyumba, losakhudzidwa pogula magalimoto kapena polipira misonkhano ya ku nyanja. Pakutha pa chaka dera lililonse liuzidwe kuti tidatolera zakuti, takonza nyumba zakuti. Eni nyumba akabwera ndi pempho lokweza lendi, abwere ndi pepala limeneli m'manja. Ndikhulupirira ambiri a ife tingalole kuonjezera pang'ono titaona ndi maso kumene ndalama ikupita. Maofesi a boma amene amasungira antchito awo m'nyumbazi azilipiranso pa nthawi yake monga tichitira ife. Ndipo nyumba ikagulitsidwa, zidziwike kuti yagulidwa ndi yani, pa mtengo wanji, ndipo ndalamayo imange ina. A ku England adagulitsa osabwezera, lero akulira. Ku Scotland adathetsa kugulitsako mu 2016, ku Wales mu 2019.

Chachisanu, pakhale woweruza wapadera. Munthu sangakhale wozengedwa mlandu ndi woweruza nthawi imodzi. Ku England kuli ofesi ya Ombudsman yoona za nyumba zokha, imene imatha kulamula mwini nyumba kukonza ndi kupepesa ndi ndalama. Ofesi imeneyi mu 2021 idatulutsa lipoti louza eni nyumba kuti aleke kuloza chala kakhalidwe ka anthu pa nkhani ya nkhungu. Ifenso malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 adatipatsa ofesi ya Ombudsman, yolandira madandaulo a anthu amene sanachitiridwe chilungamo, ndipo kudandaulako nkwaulere. Tiphunzire kugogoda pa khomo limenelo, titanyamula timapepala tathu tija.

Ndingakhale wokondera nditapanda kunena za ife eni. Alipo amene amapatsidwa nyumba yotsika mtengo nkuibwereketsa kwa wina pa mtengo wowirikiza, iwo nkumakhala kwina. Ameneyo akuba m'kamwa mwa banja limene lili pa mndandanda. Alipo amene ali ndi ndalama koma lendi salipira miyezi isanu ndi umodzi. Alipo amene amataya zinyalala mu ngalande, nkumadabwa madzi akalowa m'nyumba ya mnansi. Alipo amene amamata mazenera onse nkumaphika pa mbaula m'kati. Tikafuna kuti mau athu alemere, manja athu akhale oyera. Koma chonde, zolakwa za ochepa zisakhale chobisalira cha eni nyumba. Yambani mwabwera kudzaona khoma, za kakhalidwe tikambe pambuyo.

Zonsezi palibe amene adzatipatse pa mbale. Mutu umodzi susenza denga. Mzinda wathu uno udatenga dzina ku Blantyre wa ku Scotland, kwao kwa David Livingstone, pafupi ndi Glasgow. Ku Glasgow komweko mu 1915, amuna ali ku nkhondo, eni nyumba adakweza lendi ya nyumba zothithikana ndi zosakonzedwa. Amayi a ku Govan, motsogozedwa ndi Mary Barbour, adagwirizana kukana kulipira zoonjezerazo. Ankaika mlonda pa khomo, ndipo otulutsa anthu akamabwera ankaimba belu, amayi onse nkutuluka kudzatchinga njira. Mabanja zikwizikwi adalowa nawo, ndipo chaka chisanathe nyumba ya malamulo idapanga lamulo lobweza lendi pamene idali nkhondo isanayambe. Sindikukuuzani kuti muleke kulipira lendi, musakandinamizire kunja. Ndikuti mayi anga adapita okha ku ofesi zaka zinayi, pamene mzere wathu wonse wa nyumba 12 unkadontha chimodzimodzi. Aliyense ankapita tsiku lake, aliyense nkuuzidwa yekha kuti tibwera.

Kwa inu makolo athu amene mudabwerera kuchokera kunja, ndili ndi pempho lapadera. Mudaphunzira kumeneko kulemba kalata ya dandaulo, kusunga kope lake, kuyendetsa komiti, kufunsa khansala mafunso pa msonkhano. Nzeru zimenezo musazisunge m'sutikesi pamodzi ndi majasi. Khalani pansi ndi achinyamata a m'dera lanu muwaonetse kalembedwe kake. Komanso muwauze zoona, kuti kunjako si kumwamba, kuti nakonso mwana wa munthu wosauka adafa ndi khoma lonyowa.

Ndimalize ndi ntchito yoti tiyambe sabata ino, mvula isanagwe. Pa mzere uliwonse wa nyumba musankhe anthu atatu, ndipo mwa iwo pasalephere kukhala mayi, pakuti amene amadziwa podontha ndi amene amasuntha mphasa za ana usiku. Gulani kope limodzi. Yendani khomo ndi khomo, lembani nambala ya nyumba, chimene chaonongeka, chaka chimene chidayamba, ndi ngati muli mwana kapena wokalamba amene akudwala. Amene ali ndi foni ajambule. Lembani kalata imodzi, musayine nonse, mukapereke limodzi, ndipo musachoke pa ofesi asanakudindireni kope lanu. Pakatha masiku 30 mubwererenso ndi kope lomwelo. Likadzakhala lopanda yankho, mutibweretsere ife atolankhani, tidzapita kukafunsa ndipo tidzasindikiza yankho lawo monga alinenera.

Mng'ono wanga uja adachira, lero ndi mnyamata wamkulu. Tidali ndi mwayi chabe. Makolo a Awaab mwayi umenewo sadaupeze. Tisadikire kuti nafenso tidzatche lamulo dzina la mwana wa mmodzi wa ife.